Chipinda chimodzi, msonkho umodzi, makhadi awiri

Ku Epcot, amodzi mwa malo achisangalalo a kampani ya Disney kufupi ndi mzinda wa Orlando ku Florida, m'dziko la America, kuli nyumba ina ya denga lagalasi yomwe m'mwamba mwake muli chipinda chopumuliramo. Mulibe zodabwitsa kwenikweni: mipando yawofuwofu, kamphepo kozizira ka makina, zoziziritsa kukhosi zaulere ndi potchajira foni. Koma dzuwa la ku Florida likamaswa mtengo, ana akulira ndi ludzu, miyendo itatopa ndi kuima pamizere, chipinda chimenechi chimasanduka paradizo.

Pakhomo pamakhala wantchito wopempha khadi. Mabanja awiri atha kufika nthawi imodzi, onse mamembala a Disney Vacation Club, onse agona hotela imodzi m'zipinda zoyandikana, onse amasonkha ndalama zofanana pachaka zosamalira hotelayo. Banja lina alilowetsa. Linalo alibweza, mwaulemu ndithu, akumwetulira. Mlandu wake? Lidagula umembala kwa munthu mnzake amene ankagulitsa, osati kukampani.

Eni ake amangoti awa ndi a khadi labuluu, awo ndi a khadi loyera. Masiku ano makhadiwo adasamukira m'foni koma mainawo adakanirira, ndipo mkangano wake sukuzirala: kodi chimenechi n'chilungamo?

Wina atha kunena kuti za ku Florida tiwasiyire a ku Florida, ife tili ndi zathu za mafuta ndi feteleza. Ndikumva. Komatu malonda amenewa sali kutali monga tikuganizira. Ku South Africa adazika mizu kalekale, kuyambira kugombe la Durban ndi Umhlanga mpaka ku Sun City, ndipo abale athu amene ali ku Joni, ku Britain ndi ku America amalandira mafoni aja akuti mwapata mphoto ya holide yaulere, bwerani ndi akunyumba mudzangomvera kwa mphindi 90 zokha. Ena adasaina kale.

Tiyambe n'kumasulira chinthucho. Timeshare ndi kugawana nyumba yatchuthi potengera nthawi. M'malo mogula nyumba yonse m'mbali mwa nyanja yomwe muzigonamo sabata imodzi pachaka, masabata 51 enawo muzikhala abuluzi, mumagula sabata imodzi yokhayo, ena n'kugula masabata otsalawo. Nzeruyi idayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960. Kampani ya Hapimag ya ku Switzerland idayamba mu 1963, ndipo kumapiri a ku France, pamalo otchedwa Superdévoluy, nako adayamba kugulitsa masabata m'zaka zomwezo. Mu 1974 ku America kudabadwa RCI, kampani yothandiza eni masabata kusinthana: wa ku Durban apite ku Spain, wa ku Spain abwere ku Durban.

Nthawi imeneyo nkhani inali yosavuta. Sabata 32, chipinda nambala 14, n'chako basi. Palibe amene akadakulanda, kaya ndi mpondamatiki kaya ndi nduna. Mavuto ena analipo, ambiri ndithu, koma la magulu kunalibe, poti panalibe cholimbirana.

Zinthu zidatembenuka makampani atabweretsa mapointi. Tsopano sugula sabata yodziwika. Umagula mapointi omwe umapatsidwa chaka chilichonse, ndipo chipinda chilichonse chili ndi mtengo wake wa mapointi malinga ndi kukula kwake, nyengo ndi tsiku. Loweruka n'lodula kuposa Lachiwiri, Khirisimasi n'njodula kuposa Seputembala. Ubwino wake ngwoonekeratu, munthu sumangiriridwa pamalo amodzi. Koma zipinda zonse tsopano zili m'nkhokwe imodzi yomwe aliyense amatapamo, ndipo pakakhala mzere pamabadwa funso loti ayambe ndani. Makampani adaona kuti funso limenelinso ndi katundu woti n'kugulitsa.

Kugula si kumaliza. Chaka chilichonse mwini amasonkha ndalama zokonzera nyumba, zolipira antchito, inshuwalansi ndi misonkho ya boma. Ku America, komwe mabanja pafupifupi 10 miliyoni ali ndi timeshare, ndalama imeneyi imapitirira madola 1,000 pachaka kwa mwini wamba, ndipo khalidwe lake n'kukwera. Upite kutchuthi, usapite, ulipira basi. Ku Disney amawerengera pa pointi, ndipo mapointi a pahotela imodzi amalipiridwa mofanana posayang'ana kuti mwiniwake adawagula kuti. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Disney idalowa m'malondawa mu 1991 ndi hotela yomwe lero imatchedwa Old Key West. Kwa zaka pafupifupi 20 membala anali membala. Wogula kukampani ndi wogula kwa mnzake ankadyera mbale imodzi: onse ankasungitsa chipinda pahotela yawo kudakali miyezi 11, ndipo pamahotela ena a gululi kudakali miyezi 7. Mwa mahotelawo muli ya Animal Kingdom Villas, komwe anthu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti aziona mbidzi ndi nyamalikiti pazenera, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mpanda woyamba udamangidwa mu Malichi 2011. Ogula kwa anzawo kuyambira pamenepo sakadathanso kugwiritsa ntchito mapointi awo kukwera sitima zapamadzi za Disney kapena kugona m'mahotela ake wamba. Ambiri sadadandaule, poti kusinthitsa mapointi mwanjira imeneyo kunali koluza kale.

Wachiwiri, wa pa 4 Epulo 2016, ndi umene udabala makhadi awiri aja. Ogula kwa anzawo adachotsedwa pa zokometsera zonse: kutsitsiridwa mtengo wa chakudya ndi katundu wa m'masitolo, tikiti yotsikirako mtengo yolowera m'mapaki chaka chonse, maphwando a mamembala okhaokha monga aja ausiku otchedwa Moonlight Magic, komanso chipinda chopumuliramo chija, chomwe chidatsegulidwa chaka chomwecho.

Anthu si ana. Adapeza kampata: gula mapointi ambiri pakaunjika, kenako ukagule 25 okha kukampani, khadi labuluu ilo. Kampani nayo sidagone. Mu 2018 idakweza mlingo kufika pa mapointi 75, mu 2019 pa 100, mu 2020 pa 125, ndipo mu 2021 pa 150. Pamahotela atsopano pointi imodzi kukampani imapitirira madola 200. Chulukitsani nokha: khomo la chipinda cha zakumwa zaulere chija likufuna madola oposa 30,000. Fanta wodula chonchi abale!

Mpanda wachitatu ndi umene ndiufotokoze bwino pambuyo, chifukwa ndi wosiyana ndi inzake. Pa 19 Januwale 2019 kampani idalamula kuti wogula kwa mnzake mapointi a mahotela 14 akale sadzatha kugona ku Riviera, hotela yomwe idatsegulidwa mu Disembala chaka chomwecho, ngakhalenso m'mahotela ena atsopano omangidwa pansi pa lamuloli. Ndipo wogula kwa mnzake mapointi a ku Riviera azigona ku Riviera kokhako.

Ndisanapse mtima ndiyenera kumvetsera mbali ya kampani, chifukwa ili ndi mfundo. Pamsika, mayi wa tomato akakuikira basela amatero chifukwa wagula kwa iye. Sungagule tomato pabenchi ina n'kubwera kudzaitanitsa basela kwa mayi amene sunamugule. Akuseka. Munthu akagula mapointi kwa membala wakale, ndalama ya malondawo sipita kukampani, chonsecho ndi kampaniyo imene idamanga hotela ndi kulemba ntchito ogulitsa. M'malonda a timeshare, kutsatsa ndi kulipira ogulitsa kumadya gawo lalikulu la mtengo, kawirikawiri cha m'ma theka. Wogula pakaunjika amadumpha mtengo umenewu, ndipo amadziwa zimene akuchita. Amapulumutsa madola masauzande angapo, ndipo zoti zokometsera sazipeza amazidziwa asanasaine.

Chinanso, ku Disney ndalama za zokometserazi zimachokera kumbali yogulitsa ya kampani, osati m'thumba la msonkho wapachaka lija. Ndiye kuti wa khadi loyera sakulipirira Fanta wa mnzake. Ndipo nthawi zonse pamene malamulo adasintha, amene adagula kale adasiyidwa ndi zimene anali nazo. Pa mfundo zimenezi sindikuona mlandu. Wa khadi loyera akaima pakhomo la chipinda chija n'kuyamba kudandaula kuti akusalidwa, ine misozi siituluka ayi. Adasankha ndalama m'thumba m'malo mwa mpando wawofuwofu, ndipo n'kutheka kuti adasankha bwino.

Nkhani ikadathera pa zakumwa ndi maphwando, bwenzi lero ndikulemba za mpira. Koma pali basela wamtundu wina, amene wogulitsa samutapa m'dengu lake koma pamulu womwe kasitomala wina walipira kale.

Taonani za Marriott Vacation Club, yomwe idalowa m'dongosolo la mapointi mu 2010. Iyo ili ndi makwerero enieni: wa mapointi 4,000 ndi Select, wa 7,000 ndi Executive, wa 10,000 ndi Presidential, wa 15,000 ndi Chairman's Club. Maina okhawo akukuuzani kuti akulankhula ndi mtima wa munthu, osati mutu. Wa Executive kupita m'mwamba atha kusungitsa ngakhale usiku umodzi wokha kudakali miyezi 13. Wapansi amene akufuna masiku awiri kapena atatu amadikira mpaka itatsala miyezi 10.

Miyezi itatu ingaoneke yochepa papepala. Koma hotela ya kugombe ku Hawaii ili ndi zipinda zowerengeka zoyang'ana kunyanja, Khirisimasi imabwera kamodzi pachaka, ndipo sukulu zimatsekera nthawi imodzi kwa ana a aliyense. Pamene wapansi akuloledwa kulowa m'nkhokwe, akuluakulu adutsamo kale, asankha zonona. Chipinda chimene bwana wa Chairman's Club watenga m'bandakucha sichidachoke m'thumba la kampani. Chachoka m'nkhokwe yomwe onse adasonkhera. Kampani yapereka mphatso yomwe sidawonongepo ndi tambala yemwe, wolipira ndi membala wamng'ono amene wapeza malo atatha.

Ena amati wagula zambiri adye zambiri, vuto lili pati? Komatu wagula zambiri adalandira kale zambiri. Mapointi 15,000 amamugonetsa masiku ochuluka kuposa mnzake wa 2,000, ndipo palibe akutsutsa zimenezo. Chimene ndikufunsa ine n'chakuti pointi yake imodzi ilemere kuposa pointi imodzi ya mnzake chifukwa chiyani, pomwe pa tsiku la msonkho zimalemera mofanana? Pamjigo womwe mudzi wonse udasonkhera, amene adapereka matumba asanu a simenti timamuthokoza pamsonkhano, koma sitimuuza kuti azitunga yekha m'mamawa madzi akadali ambiri, ena onse azibwera mjigo ukatsokomola.

Ogulitsa amakonda kufanizira ndi ndege. Amati m'ndege muli mipando yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo woyenda pafupipafupi amapatsidwa khadi lagolide, palibe amene amapita kukhoti. N'zoona. Koma wokwera ndege ndi kasitomala. Akakhumudwa lero, mawa akwera ya kampani ina, nkhani yatha. Wa timeshare samutcha kasitomala, amamutcha mwini. Mawu amenewa ndi amene adamugulitsira, kuti holide yako izikhala yakoyako, udzasiyire ndi ana omwe. Mwini amene wamangiriridwa kwa zaka 40 kapena 50, kwina mpaka kalekale, sangasinthe kampani mawa. Kuika magulu pakati pa makasitomala ndi malonda. Kuika magulu pakati pa eni nyumba imodzi, pa kagwiritsidwe ntchito ka nyumba yomweyo, ndi chinthu china.

Ku Club Wyndham manambala ake ndi akuluakulu koma nzeru ndi yomweyo: gulu la Bronze limayambira pa mapointi 300,000, ndipo la Founders limayambira pa 1,400,000. Apamwamba amatsitsiridwa mapointi kwambiri akasungitsa chipinda kutatsala masiku 60, ena n'kusamutsidwira m'chipinda chachikulu ulere. Ndipo mapointi ogula kwa mnzako, kaya achuluke bwanji, sakukwezani sitepe ngakhale imodzi.

Tsopano tibwerere ku Riviera kuja. Lamulo la 2019 limaoneka ngati likulanga wogula pakaunjika, koma tayang'anani bwino amene chikwapucho chikumugwera.

Munthu wagula mapointi 150 a ku Riviera kukampani, mtengo wonse, mwina ndi ngongole yomwe. Ali ndi khadi labuluu, atha kugona hotela iliyonse ya gululi. Patapita zaka zisanu ntchito yatha, kapena banja lapasuka, kapena m'nyumba mwalowa matenda. Moyo ndi umenewo. Akufuna kugulitsa. Amene amugule azigona ku Riviera kokhakokha mpaka 2070, pamene kontrakiti idzathe. Ndani angapereke mtengo wabwino pa katundu wodulidwa mapiko chotero? Choncho mtengo umagwa, ndipo woluza si wogula watsopanoyo, amene wapeza zotchipa akudziwa, koma uja adakhulupirika kukampani tsiku loyamba. Amene amaombera m'manja kuti a kaunjika akhaula, amaiwala kuti tsiku lina naye adzakhala wogulitsa pakaunjika pomwepo.

Ndipotu mawu akuti kaunjika ndikuwagwiritsa ntchito mokakamiza. Malaya apakaunjika adavalidwapo, kolala idayamba kutha. Pointi siitha. Bedi ndi lomwelo, bafa ndi lomwelo, wokonza m'chipinda ndi yemweyo. Kusiyana kulikonse pakati pa pointi yatsopano ndi yakale n'kochita kupanga ndi cholembera.

Umboni wake nawu. Kampani ili ndi ufulu wolowerera pamalonda alionse a pakati pa mamembala: wogulitsa ndi wogula akagwirizana mtengo, mapepala amayamba apita kukampani, ndipo ikaona kuti mtengowo waikomera imatenga malondawo yokha pamtengo womwewo. Kenako mapointi omwewo imawagulitsanso pamtengo wake wonse, ndi zokometsera zonse. Dzulo anali odetsedwa, lero adutsa m'manja mwa kampani, ayera ngati obatizidwa kumene. Ndiye kuti amene akulemba malamulo ogwetsa mtengo wa pakaunjika ndi yemweyo amene ali woyamba pamzere wogula pakaunjikapo. Sindikunena kuti akuphwanya lamulo. Zonsezi zili m'mapepala omwe anthu amasaina. Koma zololedwa ndi zachilungamo sizikhala nyumba imodzi nthawi zonse.

Ndipo dziwani kuti Disney ili m'gulu la amene katundu wawo amagulikako bwino. Matimeshare a makampani ambiri osatchuka amapezeka pa eBay pa dola imodzi, eni ake akungofuna wina awalandire mtolo wa msonkho wapachaka.

Nanga wa khadi labuluu wagwira chiyani m'manja? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Zokometsera zija sizili m'chikalata cha umwini. Mapepala amanena mosabisa kuti kampani itha kuzisintha kapena kuzithetsa nthawi iliyonse. Ndipo zidachitikapo. Mu Novembala 2021 Disney idaimitsa kugulitsa matikiti atsopano ambiri a chaka chonse ku Florida, ndipo idayambiranso mu Epulo 2023. Munthu amene adawerengetsera kuti ndigule kukampani, ndalama yowonjezerayo idzabwerera kudzera m'matikiti otchipa a banja lonse, adakhala chaka ndi miyezi ingapo atagwira khadi lopanda chogula. Mtengo wowonjezera adalipira kamodzi n'kamodzi, ndalama yeniyeni. Chimene adalandira ndi lonjezo loti litha kufufutidwa ndi kalata imodzi.

Apa ndi pamene ndimaona kuti makwerero amenewa ntchito yake yaikulu si kuthokoza okhulupirika ayi. Ntchito yake ndi kugulitsanso kwa amene adagula kale. Gawo lalikulu la malonda a makampaniwa limachokera kwa mamembala akale, ndipo kuti munthu amene ali ndi zokwanira agulenso, umayenera kumuonetsa wina amene ali pamwamba pake.

Msuweni wanga, namwino ku Britain, ali ndi mapointi kukampani ina yomwe ili ndi mahotela ku Spain. Ali ndi ana apasukulu, choncho nthawi yake yoyenda ndi Ogasiti, nthawi yomwe aliyense akufuna. Akafika kutchuthi, tsiku lachiwiri foni ya m'chipinda imalira: bwerani ku kadzutsa, tikudziwitseni zatsopano za umembala wanu. Kumeneko amamufunsa mwachifundo ngati amavutika kupeza malo. Akavomera, mankhwala ake amakhala okonzeka kale patebulo: vuto ndi gulu limene mulimo mayi, mukangowonjezera pang'ono mukwera. Adawonjezera kamodzi. Malo a Ogasiti sadachuluke, poti hotela sidakule, ndipo anzake onse a pakadzutsa paja adauzidwa zomwezo. Chimene chidakula ndi msonkho wake wapachaka.

Aliyense akakwera sitepe imodzi, mzere umakhala momwe unalili. Zikatero kampani imangowonjezera sitepe ina pamwamba. Makampani akagulana zimakhalanso chimodzimodzi. Hilton Grand Vacations itagula Diamond Resorts mu 2021, chaka chotsatira idakhazikitsa umembala watsopano wotchedwa HGV Max wophatikiza mahotela a mbali ziwirizo. Kuti alowemo, mamembala akale adafunika kutulutsanso ndalama, ndipo ogula kwa anzawo adatsala panja. Munthu amene dzulo anali pamwamba adadzuka m'mawa n'kupeza kuti nyumba yawonjezeredwa nsanjika.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi mmene mamembala amadyerana okhaokha. Wabuluu amati ine ndidalipira mtengo wonse, iwe ukufuna kukolola posalima. Woyera amati msonkho timalipira wofanana, hotela tikuisamalira tonse. Onse akunena zoona, ndipo onse akuloza chala kolakwika. Malire owasiyanitsa nthawi zina ndi tsiku chabe la pakalendala: wogula kwa mnzake pa 3 Epulo 2016 ali ndi zokometsera zonse mpaka lero, wogula patangopita masiku awiri alibe. Wa mapointi 25 wa mu 2017 akumwa Fanta m'chipinda chija, wa mapointi 125 wogula kukampani komweko mu 2022 waima panja. Ngati cholinga chinali kulemekeza amene adapereka zambiri kukampani, masamu amenewa sakutuluka.

Malamulo a maiko adayesetsa pa khomo lolowera. Ku European Union lamulo la 2008 limapatsa wogula masiku 14 oti asinthe maganizo, ndipo limaletsa kulandira ndalama iliyonse masikuwo asanathe. Ku Florida ndi masiku 10. Pa khomo lotulukira napo pakuyenda: mu 2015 khoti lalikulu la ku Spain lidagamula kuti makontrakiti opanda malire a nthawi ndi osemphana ndi lamulo la dzikolo la 1998, lomwe linkalola zaka zosapitirira 50. Ku South Africa, komwe lamulo la malondawa ndi la 1983, nthawi yomwe mapointi anali asanafale, bungwe la National Consumer Commission lidachititsa kafukufuku mu 2017, anthu n'kukhuthula madandaulo awo m'zigawo za dzikolo, ndipo lipoti lidatuluka mu Disembala 2018. Madandaulo aakulu anali makontrakiti osatha, msonkho wokwera chaka ndi chaka, ndi kusowa malo pamene munthu akuwafuna ngakhale mapointi ali nawo.

Dandaulo lomalizalo ndi lomwe tikukambali, lavala malaya ena. Koma zochitika m'kati mwa nyumba, zoti ayambe kusankha ndani, mlingo wa gulu ukwere liti, katundu akagulitsidwa atsale ndi mphamvu zanji, kawirikawiri zimasiyidwa m'manja mwa kampani, kudzera m'kachiganizo kakang'ono kakuti malamulo a kalabu atha kusintha.

Ine sindikuti magulu athetsedwe. Kampani ipatse okondedwa ake maphwando, zikwama, zakumwa, ngakhale kuwaimbira nyimbo pakhomo, bola ndalama yake ichoke m'thumba lake. Koma chilichonse chokhudza chipinda chenichenicho, tsiku loyamba kusungitsa ndi mahotela omwe pointi ingatsegule, chiyenera kulembedwa m'chikalata cha umwini, chikhale chofanana pa pointi iliyonse yolipira msonkho wofanana, ndipo chizitsatira pointiyo ikagulitsidwa. Pamenepa Disney, ndi mipanda yake yonse, idasunga chinthu chimodzi chomwe anzake ena adataya: pahotela yako, miyezi 11 ija ndi ya aliyense, wa mapointi 50 ndi wa 1,000, wabuluu ndi woyera. N'chifukwa chake lamulo la Riviera limandiwawa kuposa la chipinda chopumuliramo, poti ndi pamene idayamba kugwira chipinda chenichenicho.

Ndikadakondanso wogulitsa akadamakakamizidwa kuika patebulo, pambali pa mtengo wake, mtengo womwe mapointi omwewo akugulidwa pakati pa mamembala mwezi umenewo. Wogula aone yekha kuti kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mtengo wa khadi labuluu, kenako adzifunse kuti adzamwa Fanta angati. Pali mabanja amene amapita chaka ndi chaka, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, omwe masamu ake angawakomere. Ambiri sangawakomere. Koma masamu amenewa sachitika m'chipinda chogulitsira, momwe amakuuza kuti mtengo uwu ndi walero lokha ndipo manijala wachita kukukomerani mtima.

M'bale wanga amene uli ku Joni kapena ku Leeds, foni ija ikadzalira, funso loyamba lisadzakhale lakuti gulu lagolide limapeza chiyani. Udzafunse kuti mwa zonse zimene andilonjezazi, ndi ziti zalembedwa m'chikalata, ndipo ndikadzagulitsa, wondigula adzatsala ndi ziti. Wogulitsa akayamba kuyang'ana kudenga, tenga chikwama chako.

Za umwini zija nazo zili ndi tsiku lake. Makontrakiti a mahotela akale a Disney monga BoardWalk, Beach Club, Vero Beach ndi Hilton Head adzatha pa 31 Januwale 2042. Tsiku limenelo mapointi a wabuluu ndi a woyera adzafufutika limodzi, zipinda zidzabwerera kukampani, ndipo idzakhala ndi ufulu wozigulitsanso, ndi malamulo atsopano omwe idzalembe yokha.